Tsamba la Khumi ndi Chinayi

Ndinanyamuka ku Bangwe kusanache,
mapepala ndili nawo m'jumbo kuopa mvula.
Pa Chichiri mlonda wa pachipata anati ndizimitse foni.
Foni yake iti, bambo? Inapsera limodzi ndi makina.

Makina atatu osokera.
Oyamba ndinagula ku Limbe, molipira pang'onopang'ono,
achiwiri anandisiyira malemu a Namakhwa,
achitatu anali asanathe ndi mwezi womwe.
Moto unayambira pa waya wa oyandikana nawo,
nudya mayunifolomu makumi anayi a ana a eni,
nudya diresi laukwati la mwana wa a Mbewa
lomwe linangotsala zipi.

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinkapereka ya inshuwalansi.
Mnyamata wa tayi uja ankati,
"Mayi, ikadzagwa, ife ndiye ambulera yanu."
Itagwa, anati ambulera inatha mphamvu dzulo lake.
Mwachedwa ndi tsiku limodzi, anatero,
akundisonyeza timalemba tonga mapazi a nyerere
kunsi kwa pepala limene ndinasaina.

A majisitireti anali ndi mulu wa milandu tsikulo,
wakuba mabatire, wothawa ngongole, okanganirana malire.
Anandimvera, sindinama, koma maso ali pa wotchi.
Analemba maganizo awo: kampani ilibe mangawa,
mlandu uthere pompa.

Lero akuti bwalo lalikulu liunikanso.
A Likoswe, loya wanga wa jekete lofwifwa, anandichenjeza:
"Kuno simuyankhula. Jaji amawerenga basi."
Ndiye ine ndakhala pabenchi ngati mlendo pamaliro anga,
moyo wanga uli patsogolo apo, womangidwa ndi kachingwe.

Jajiyo ndi mayi, magalasi ali kunsonga kwa mphuno.
Akutembenuza masamba osafulumira.
Lachisanu. Lachisanu ndi chinayi. Wabwerera. Wapitiriza.
Pa la khumi ndi chinayi chala chaima.
Ndalizindikira ndili patali: lisiti langa,
lili ndi banga la mwaye pangodya.

"Tsiku lomaliza kulipira linali liti?"
Loya wa kampani waimirira, wamanga batani.
"Pa 3 Malichi, wolemekezeka."
"Ofesi yanu inali yotsegula?"

Fani ya kudenga yazungulira katatu.
Panja basi ikuitanira a ku Ndirande.

Ine ndikulidziwa yankho, lili m'miyendo mwanga.
Linali tsiku lokumbukira ofera dziko.
Ndinaima m'tauni ndalama zili pamfundo ya chitenje,
ndinakankha chitseko chagalasi, ndinagogoda,
mlonda wawo anati mubwere mawa.
Usiku womwewo kumwamba kwa Bangwe kunafiira.
M'mawa mwake ndinapitabe kukalipira, tsitsi likununkha utsi,
ndipo ndalamazo anazilandira ndi manja awiri.

"Munthu sachedwa pa khomo lokhoma,"
watero jaji, osakweza mawu.
Maganizo a majisitireti awaika padera.
Nkhani ibwerere kumunsi, ikamvedwe mwatsopano
ndi makutu ena, mu Ogasiti.

Tonse taimirira. Tawerama. Zatha.

Pakhonde ndafunsa a Likoswe ngati tapambana.
Akanda m'mutu. "Sitinagwe," atero,
"koma mudzabwerenso ndi mapepala onsewa."
Ogasiti. Ndawerenga ndi zala: lendi kanayi,
fizi ya Ulanda, ndi mayi a mkwatibwi aja
amene mpaka pano sandiyankha moni kutchalitchi.

Mvula yakata. Phiri la Soche latuluka m'mitambo.
Ndakwera yobwerera, jumbo ili pachifuwa.
Kondakitala watambasula dzanja kuti ndilipire,
ndaona malaya ake ang'ambika kukhwapa,
msoko wosokedwa ndi munthu wothamanga.
Ndisanaganize n'komwe, phazi langa layamba kupalasa pansi,
chidendene, zala, chidendene, zala,
kuyambira pa Chichiri mpaka ku Limbe.